ZA PAMSEWU: Ya magiya a dzanja kapena ya otomatiki?

Mbatata ya kachewere ikachita bwino zaka ziwiri zotsatizana, fodya nayenso akapanda kukhumudwitsa, pakhomo pamayamba kumveka nkhani ya galimoto. Kale loto la mlimi wa ku Angonia linali ngolo ndi ng'ombe ziwiri, kenaka linadzakhala njinga yamoto. Masiku ano alipo ndithu amene maso awo ali pa magalimoto aja okwera msinkhu koma osakula kwambiri, monga Toyota RAV4, Suzuki Escudo, Honda CR-V ndi Nissan X-Trail. Sakula ngati Land Cruiser, samwa mafuta ngati lole, koma mimba yake ili patali ndi nthaka, motero amadutsa pamene galimoto yaing'ono ya m'tauni imakhula pansi n'kutsala.

Banja lina la kuseri kwa phiri la Domwe linafika pa mtunda umenewu. Mwana wawo wamkulu, amene amagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, anawonjezera zake pa ndalama za makolo ake, ndipo anatumiza pa foni zithunzi za magalimoto awiri amene anawapeza akugulitsidwa mu mzinda wa Tete. Ina inali RAV4 yonyezimira, ya otomatiki, yosintha yokha magiya. Inayo inali Escudo yokalambirapo, ya magiya osintha ndi dzanja, imene madalaivala amati ya manyuwo. Mitengo yake siinasiyane kwenikweni. Bambo wa pakhomopo anaphunzira kuyendetsa lole ya fodya ali ku Malawi m'zaka za nkhondo, mtendere wa 1992 usanabwere, koma za otomatiki sanazigwirepo. Poti safunsa anadya phula, anaitanitsa mlamu wake wa ku Ulongwe, mtsibweni wa ana, munthu amene anayendetsa chapa zaka zambiri pakati pa Ulongwe ndi Tete.

"Alamu, inu mwakalambira pa chiwongolero," anatero bamboyo. "Tiuzeni, titenge iti?"

Mlamuyo anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, nabweza foni. "Musanandifunse za galimoto, alamu, ndiuzeni kaye ichi: tsiku limene idzafe, idzafera pati?"

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yonse. Pa bawo ndi pa msika anthu amakangana kuti yolimba ndi iti, yothamanga ndi iti, ena mpaka kumati otomatiki ndi ya amayi ndi aulesi. Zonsezo ndi nkhambakamwa. Magalimoto a mitundu iwiri yonseyi amayenda bwino akakhala bwino. Kusiyana kwake kumaonekera tsiku la vuto, ndipo vuto la ku Tete m'tauni si vuto la kumudzi kumene tala ali kutali.

Ndi bwino kudziwa kaye chifukwa chake a otomatiki achuluka chotere pa msika. Magalimoto ambiri ogwirapo kale ntchito amene amalowa m'Mozambique amachokera ku Japan pa sitima za pamadzi. Ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu monga zilili m'Mozambique ndi m'Malawi, choncho chiwongolero chili kale kumanja ndipo palibe chosintha. Kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano ikayezedwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezetsako n'kodula moti eni ake ambiri amangoigulitsa idakali ndi moyo. Koma anthu a ku Japan anasiya kalekale kukonda magiya a dzanja. M'mizinda yawo galimoto imayenda pang'ono n'kuima, kuyendanso pang'ono n'kuima, ndipo mwendo wa kilachi umatopa. Kuyambira 1991 dzikolo limapereka ngakhale chiphaso choyendetsera a otomatiki okhaokha, ndipo pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano yogulitsidwa kumeneko ndi ya otomatiki. Tsono wogulitsa akamalumbira kuti otomatiki ndiye wamakono, chimene sakunena n'chakuti ndi amene wadzaza pa bwalo lake. Ndiponso si wamakono kwenikweni: ku America kampani ya Oldsmobile inali kugulitsa kale magalimoto osintha okha magiya mu 1940.

Galimoto ya manyuwo ili ndi zopondera zitatu. Cha kumanzere ndicho kilachi, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito kali ngati mphero ndi mwana wake: mbale zopanikizana, ina yozungulira pamodzi ndi injini, ina yolumikizika ku magiya. Dalaivala akaponda, mbalezo zimalekana, iye n'kusintha giya. Akachotsa phazi zimagwirananso, mphamvu ya injini n'kupita ku matayala. Mbale ya kilachi imatha pang'onopang'ono monga amathera mabuleki, ndipo ikatha amaichotsa n'kuikapo ina.

Ya otomatiki ili ndi zopondera ziwiri zokha, cha moto ndi cha mabuleki. M'malo mwa kilachi muli chigubu chachitsulo chodzaza ndi oilo. Munthu akavundula madzi mu ndowa ndi mthiko, chikho choyandama pamwamba chimayamba kuzungulira nawo ngakhale mthikowo sunachikhudze. Ndi mmenenso chigubucho chimachitira: injini imavundula oilo, oiloyo n'kukankha mapiko amene amazunguza magiya. Oilo yemweyo, akupopedwa mwamphamvu kudutsa m'tinjira ting'onoting'ono, ndi amene amasintha magiya, kuziziritsa ndi kufewetsa zitsulo zonse za m'katimo. Pampu imene imamupopa imazunguzidwa ndi injini. Injini ikakhala chete, pampu nayonso ili chete. Mavuto awiri aakulu a otomatiki kumudzi akuchokera pomwepa.

Loyamba limabwera m'mawa wa Juni. Aliyense wokhala ku Tsangano kapena ku Domwe akuchidziwa chisanu cha miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo batire nalonso limachimva, limafooka. Galimoto ya kumudzi siiyenda tsiku ndi tsiku. Imatha sabata yathunthu itangoima pansi pa mtengo wa pichesi, ana akutchajiramo mafoni a mudzi wonse. Tsiku lofunika likafika, mwini wake apotoza kiyi, n'kungomva kuti tcha-tcha-tcha. Ikakhala ya manyuwo, anyamata anayi aikankhira pa mtsetse, dalaivala aika giya yachiwiri, achotsa phazi pa kilachi, injini yalira, ulendo wayambika. Ikakhala ya otomatiki, ngakhale mudzi wonse utaikankha mpaka pa malire a Kalomwe, siidzuka, pakuti matayala alibe njira yozunguzira injini. Imafuna batire lina, ndi nthambo zija zofiira ndi zakuda zobwerekera moto. M'tauni galimoto yobwereka moto imapezeka pakhomo loyandikana. Kumudzi kumene galimoto ili imodzi yokha, munthu amatuma mwana pa njinga.

Komabe a manyuwo asadzitame mopitirira. Magalimoto onsewa amafuna magetsi pang'ono kuti pampu ya petulo ndi kompyuta ya injini zigwire ntchito, motero batire likafa lofereratu, nyali za pa dashibodi osayaka n'komwe, kukankha sikuthandiza ngakhale pa manyuwo. Kumathandiza batire likangofooka, zimene ndizo zimachitika kawirikawiri.

Vuto lachiwiri ndi la kukoka. Galimoto ikafera pa njira, chizolowezi ndicho kumanga chingwe ku lole kapena ku thirakitala n'kuikoka mpaka ku galaja. Ya manyuwo amaichotsa mu giya, n'kupita nayo pang'onopang'ono. Ya otomatiki ikakokedwa mtunda wautali matayala ali pansi, zitsulo za m'bokosi la magiya zimazungulira zouma, poti pampu ija siikupopa oilo. Galimoto imene inangofa ndi kanthu kakang'ono ka magetsi imakafika ku galaja bokosi la magiya litapsa. Yotere imafunika kunyamulidwa pa lole, matayala onse ali m'mwamba, makamaka ikakhala yokoka ndi matayala anayi. Amene anafunapo lole yonyamula galimoto ku Furankungo m'mwezi wa Febuluwale ndiye angasimbe mtengo wake.

Ikafika ku galajako m'pamene kusiyana kumakula. Kilachi ndi ntchito imene makaniko ambiri a m'maboma aang'ono amaidziwa. Atsitsa bokosi, asintha mbale, tsiku limodzi kapena awiri galimoto yabwerera pa msewu. Bokosi la otomatiki ndi nkhani ina. Limafuna malo oyera opanda fumbi, zida zake, nthawi zina ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, pakuti kamchenga kamodzi kakalowa m'tinjira ta oilo tija ntchito yonse yawonongeka. Makaniko woona mtima wa pansi pa mtengo amakana kulitsegula. Wosaona mtima amalitsegula, ndipo galimoto imakhala pa miyala mpaka nkhuku kuyamba kuikiramo mazira. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kugula bokosi lina lathunthu lochotsedwa m'galimoto ina, loitanitsa ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Joni, limene wogulayo sadziwa kuti linayenda motani kumene likuchokera. Ndalama zake zikhoza kumeza zokolola za chaka.

Mpaka apa mlamu uja anali kupambana mlandu, ndipo bambo anali kungogwedeza mutu. Koma otomatiki amanamiziridwanso zambiri.

Amati sakwera phiri ndipo sayenda m'matope. Si zoona. Pa chitunda choterera otomatiki amapereka mphamvu mofatsa, mosadukiza, ndipo injini siizima pakati pa phiri. Dalaivala wa manyuwo wosazolowera ndi amene amavutika pamenepo: galimoto ibwerera m'mbuyo, iye achita mantha, aponda moto wambiri phazi lili theka pa kilachi, fungo la chopsa n'kudzaza m'galimoto. Kilachi imene ikanatha zaka imatha dzinja limodzi m'manja otere. Chimene chimapha otomatiki m'matope ndi ukali wa dalaivala, uja amati akatitimira n'kumakankha ndodo ya magiya kutsogolo ndi kumbuyo matayala akali kuzungulira, injini ikukuwa. Oilo amatentha, bokosi limapsa. Khasu, nthambi ndi miyala pansi pa matayala n'zotsika mtengo kuposa bokosi la magiya.

Amatinso potsika phiri otomatiki sagwira. Apanso wolakwa ndi munthu. Ulongwe ali pamwamba, mamita oposa 1,000, pamene Tete ali pansi m'chigwa chotentha cha Zambezi, ndipo wopita kumeneko kudzera pa Musakama amatsika ndithu. Wa manyuwo amadziwa kubwerera ku giya yachitatu kapena yachiwiri kuti injini ithandize kugwira galimoto. Wa otomatiki ambiri amangoisiya pa D, phazi lili pa mabuleki mtsetse wonse, mpaka mabuleki atatentha n'kuleka kugwira. Chonsecho pa ndodo yomweyo, kunsi kwa D, pali 2 ndi L, amene anaikidwa pa ntchito imeneyi, ndipo pa magalimoto ambiri akale pali kabatani kolembedwa O/D koletsa giya yomaliza. Zonsezi zinalembedwa m'buku la galimoto, kungoti bukulo limabwera m'Chijapani, monga imachitira wailesi yake imene imalekezera pa 90 n'kumalephera kugwira nyumba zina zoulutsira mawu.

Za mafuta, kusiyana kulipo koma si kwakukulu monga anthu amanenera. Otomatiki wakale wa magiya anayi amamwa mopitirira pang'ono poyerekeza ndi manyuwo wa magiya asanu. Atsopano amalingana naye, ena amamuposa pa kusunga mafuta. Chimene chimamwetsa petulo kwambiri ndi phazi la dalaivala, matayala ophwa ndi katundu. Magalimoto amenewa anapangidwa kuti anyamule anthu asanu ndi zikwama zawo, zonse pamodzi pafupifupi theka la tani. Matumba 10 a makilogalamu 50 afika kale pamenepo dalaivala asanakwere. Wofuna galimoto yotutira mbatata kumunda agule pikapu. Akaumiriza RAV4 ntchito imeneyo, ya manyuwo idzamudyera kilachi, ya otomatiki idzamuphikira oilo.

Pali chinthu china chimene wogula ayenera kufunsa, chimene ogulitsa ambiri sachitchula: otomatiki sali wa mtundu umodzi. RAV4 yoyamba, imene inatuluka mu 1994, CR-V yoyamba ya 1995 ndi X-Trail yoyamba ya 2000 zinali ndi otomatiki wa magiya anayi, uja wafotokozedwa kale. Ameneyu ndi wopirira. Akamapatsidwa oilo woyenera amakalamba pamodzi ndi injini. Koma RAV4 yogulitsidwa ku Japan kuyambira 2005, ndi X-Trail za petulo zambiri zoyambira 2007, zili ndi mtundu wina wotchedwa CVT. Amene anaonapo chigayo akhoza kuumvetsa msanga. M'malo mwa magiya a mano muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri amene amakula ndi kuchepa, motero galimoto imawonjezera liwiro popanda kumveka kusintha giya. Pa tala ndi wokoma ndipo amasunga mafuta. Koma lamba wa chigayo akalemedwa amaterereka, ndipo uyunso sakonda katundu wolemera, kutentha ndi kulimbana ndi matope. Akawonongeka, omukonza ndi ochepa kuposanso a otomatiki wamba.

Aliyense wa iwo ali ndi oilo wakewake. Wa CVT ya Nissan ya zaka zimenezo amalembedwa NS-2, ndipo sasinthanitsidwa ndi oilo wofiira wa otomatiki wamba, ngakhale wogulitsa pa msika atanena kuti oilo ndi oilo. Wothiridwa m'botolo la madzi akumwa, wopanda dzina, asayandikire n'komwe. Madzi a mumtsinje nawonso ndi mdani. Galimoto ikawoloka pozama, madzi akhoza kulowa m'bokosi. Pa manyuwo amakhetsa oilo n'kuthira wina, nkhani yatha, koma pa otomatiki madzi amasandutsa oilo kukhala ngati mkaka wofiirira ndipo amawononga mbale za m'kati. Wa manyuwo naye ali ndi lamulo lake powoloka: asankhe giya asanalowe m'madzi, asaponde kilachi ali pakati pa mtsinje.

Ndipo asanafunse n'komwe za magiya, wogula agwade pansi n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. Ambiri mwa magalimoto amenewa amaoneka ngati okoka ndi matayala anayi pamene amakoka ndi awiri akutsogolo okha. Ngati palibe mtanda wachitsulo wochokera ku bokosi la magiya kupita ku matayala akumbuyo, imeneyo ndi galimoto ya m'tauni yovala nsapato zazitali. Escudo yakale, imene inayamba kupangidwa mu 1988, ili ndi kandodo kachiwiri ka magiya a mphamvu, kolembedwa 4L, kamene RAV4, CR-V ndi X-Trail zilibe. Pa msewu wokumbika ndi mvula kandodo kameneko n'kofunika kuposa mkangano wonse wa manyuwo ndi otomatiki.

Nthawi yonseyi mayi wa pakhomo paja anali chapatali akusankha nyemba, osalankhula. Amuna atagwirizana kuti Escudo ndiyo, anaika lichero pansi.

"Achimwene, zonse mwanenazi ndamva," anatero kwa mlongo wakeyo. "Mwafunsa kuti galimoto idzafera pati. Ine ndifunse langa. Usiku umene abambo awa adzadwale, kiyi adzapotoza ndani? Inu muli ku Ulongwe, mwana ali ku Moatize. Bondo lawo lakumanzere ndi limenelo akulidandaula chaka chino chonse. Kodi tikugula galimoto yoti izidikira mwamuna mmodzi?"

Mlamu uja anakanda kumutu, pakuti mlongo wake anali atagunda pamene iye sanaganizepo. Galimoto ya kumudzi si ya ulemu wokha ayi. Ndiyo imathamangira ku chipatala cha ku Ulongwe ndi mayi wovutika pobereka, mwana wokomoka ndi malungo, munthu wolumidwa ndi njoka. Ikakhala kuti woiyendetsa ndi mmodzi, ndiye kuti tsiku limene iye wachoka, waledzera kapena ndi iyeyo wodwala, galimotoyo ili ngati palibe. Pamenepa otomatiki ali ndi mphamvu imene manyuwo alibe. Munthu amaphunzira msanga, chifukwa maganizo ake onse amakhala pa msewu osati pa mapazi. Mwendo wakumanzere sugwira ntchito konse, motero nkhalamba ya nyamakazi ikhoza kuyendetsa, ngakhalenso amene anataya mwendo umenewo ndi mabomba okwirira aja amene dziko lino linamaliza kuwachotsa mu 2015. Amene amanyoza kuti otomatiki ndi ya amayi sadziwa kuti akutchula ubwino wake. Kungoti kuphweka kwake kusanyenge munthu: woyendetsa aliyense ayenera kuphunzitsidwa ndi kukhala ndi chiphaso, pakuti galimoto yosavuta kuyendetsa imagunda mwana chimodzimodzi ndi yovuta.

Tsono mlandu umenewu ulibe chigamulo chimodzi cha anthu onse, koma si kuti mbali zonse n'zofanana. Wokhala mu Ulongwe, ku Moatize kapena m'mbali mwa tala wopita ku Zobwe, amene anansi ake ali ndi magalimoto ndipo makaniko ali pafupi, alibe chifukwa choopera otomatiki. Akhoza kumusangalatsa zaka zambiri. Wokhala kumene tala ali kutali, kumene mlatho umakokoloka dzinja lililonse ndipo galimoto ina imaoneka pa tsiku la msika lokha, manyuwo ndiye amamuyenera, chifukwa zovuta zake zonse zimatheka ndi manja a anthu amene ali pomwepo. Akapanda kumupeza wabwino, pakuti a manyuwo ndi osowa ndipo ena amene alipo ndi otheratu, ndi bwino atenge otomatiki wa magiya anayi wosamalidwa kusiyana ndi manyuwo wakufa, agule batire latsopano ndi nthambo tsiku lomwelo, CVT amusiyire a m'tauni. A manyuwo ambiri amalowa kuchokera ku South Africa, ndipo amenewo mapepala ake ndi manambala a injini n'zofunika kuzionetsa kwa apolisi ndalama zisanatuluke m'thumba.

Mtundu uliwonse umene munthu wasankha, chithunzi cha pa foni sichiyendetsedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula apite yekha ndi munthu wodziwa, ndipo afike m'mawa injini isanatenthe, poti matenda ambiri amabisala galimoto ikafunda. Pa otomatiki, phazi lili pa mabuleki, aike pa D kenaka pa R. Galimoto yabwino imagwira nthawi yomweyo mofatsa, yodwala imachedwa kenaka n'kugunda kuti gu! Akwere nayo phiri. Injini ikamakuwa liwiro osawonjezeka, bokosi likuterereka. Asolole kachitsulo koyezera oilo wa magiya n'kupukutira pa pepala loyera: wofiira ndi wamoyo, wakuda wonunkha ngati nsima yopserera ndi chenjezo loti achoke. Ma CVT ena alibe n'komwe kachitsulo kameneko. Pa manyuwo, aike giya yachinayi pa chitunda n'kuponda moto. Injini ikathamanga yokha galimoto ikutsalira, kilachi yatha, ndipo mtengo utsike. Giya yolira poilowetsa, kapena yodumpha yokha phazi likachoka pa moto, ndi nkhani yodula kuposa kilachi.

Mlamu uja anakwera chapa kupita ku Tete, nakumana ndi mphwake, nayesa magalimoto onse awiri. RAV4 inapezeka kuti inali ya CVT ndiponso yokoka ndi matayala awiri okha. Escudo inali ndi kilachi yotsala pang'ono kutha, motero anatsitsa mtengo n'kuisinthiratu komweko. Koma mayi uja sanalole kuti funso lake lifere m'mazira. Ndalama zimene zinatsala, zimene bambo anafuna kugulira matayala onyezimira, zinalipirira mwana wawo wamkazi sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto.

Loweruka lililonse madzulo Escudo ija imaoneka pa bwalo la mpira la sukulu ya m'mudzimo, mtsikanayo ali pa chiwongolero, atsibweni ake ali pambali akukuwa kuti, "Pang'onopang'ono phazilo, mphwanga!" Sabata yoyamba injini inazima kambirimbiri mpaka batire linafooka, ndipo ana a sukulu amene anabwera kudzaonerera ndi amene anaikankha.